Pikapu yafika pakhomo pa amayi

Moni nonse abale.

Lero m'mawa ndinapita ndi pikapu yanga kwa makaniko ku Limbe. Achotsa masipuling'i akutsogolo otopa aja n'kuika ataliatali, moti galimoto yatalika ngati yavala gogoda.

Masana ndakayesa msewu wopita kwa amayi ku Soche, uja galimoto inkakhula mimba pamiyala mpaka ndinkawatsitsira kumunsi, iwo n'kumakwera wapansi ndi bondo lawo lovuta lija. Abale inu, ndafika pakhomo penipeni osagunda mwala!

Amayi ayimba nthungululu, koma poti akwere, mwendo osafika. Akuti, "Mwana iwe, wandibweretsera ndege?" Tawaikira kireti ya zakumwa, akwera akuseka, ndipo akana kutsika mpaka titazungulira kutchalitchi kuti anzawo awaone.

Ndiye mukuti bwanji, ndiwotcheretse sitepe, kapena kiretiyi izipemphera nafe Lamulungu lililonse?