Mtanda Umene Abambo Anakana Kudula

Chidutswa cha njanji chija ndikadali nacho. Kutalika kwake n'kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, ndipo mbali imodzi chinasalala ndi manja athu. Masiku ano chimangokhala pakhonde, adzukulu n'kumaswerapo mtedza. Koma ndili wamng'ono ntchito yake inali kutsamiritsa chitseko cha khola la mbuzi kuti fisi asakankhe, ndipo wochikunkhuniza madzulo aliwonse ndinali ine.

Mudzi wathu unali pakati pa Balaka ndi Nkaya, kufupi ndi njanji. Abambo anali mkamwini, kwawo ku Chikweo, ndipo amalume sankalola kuti aiwale zimenezo. Chimene chinkawaimika pamudzipo chinali ntchito basi. Anali makaniko wa mzungu wogula thonje ku Balaka, ndipo munthu wobwera madzulo akununkha girisi, mchere ndi sopo zili pakaliyala, sanyozedwa mokweza.

Chilimwe chimenecho, patapita zaka ziwiri chichitikireni njala yaikulu ija, msika wa thonje utatsekedwa, mzunguyo anagwidwa ndi matenda a liwiro. Azungu anzake ankapikisana kukwera msewu wa phiri la Zomba pa galimoto. Iye anali ndi galimoto yakale yakuda, ya mphuno yaitali, imene abambo anali ataiika kale injini ina yamphamvu. Chinatsala n'kuipepuza. Analowamo ndi ndodo yake n'kumaloza uku ndi uku: "Chotsa. Chotsa. Chotsa zonse." Mawu amenewo ana tinawatola, tinkalamulana nawo kumasanje mpaka mvula kugwa.

Loweruka kunalibe sukulu, choncho ndinkapita kukapereka chinangwa chophika kwa abambo kuseri kwa nyumba yosungira thonje, pansi pa m'bawa pamene galimotoyo inaima. Abambo ankaigwira monga asendera mbuzi. Anayamba ndi khungu: nsalu ya kudenga, zikopa za m'zitseko, mphasa yaubweya yopondapo. Kenako mipando, magalasi a m'mazenera ndi zopukusira zake. M'katimo munkatuluka fungo la fodya, chikopa chakale ndi mikodzo ya makoswe. Pansi pa mpando wakumbuyo anapeza chisa cha khoswe ndi chipeso cha dona chothyoka mano. Sankathyola kanthu. Msomali wopota uliwonse ankaumasula bwinobwino n'kuuponya m'chitini, ngakhale ankadziwa kuti sudzabwereranso.

Chinandidabwitsa n'chakuti galimoto ili ndi matabwa m'kati ngati nyumba. Abambo nawonso ankatchula ziwalo zake ndi mayina a nyumba. Zoimirira pakati pa zitseko zinali nsichi, timatabwa tokhota ta kudenga tinali phaso. Ndiye panali chitsulo chokhuthala, chopindika ngati uta, cholumikiza nsichi ziwirizo pamwamba penipeni pa mutu wa woyendetsa. Chimenecho ankati mtanda, ndipo akamachitchula ankachisisita.

Loweruka lililonse mzungu ankabwera kudzapima. Zonse zochotsedwa sabata imeneyo zinkaikidwa m'thumba n'kukolekedwa pa sikelo ya thonje, ndipo muvi ukatsika iye ankasekerera ngati mwana. Zikapimidwa analibe nazonso ntchito. Mpando wakumbuyo, wachikopa chofiira, unafika kwathu panjinga, mudzi wonse n'kudzauona. Amalume anaukhalira koyamba, nanjanja pang'ono, n'kugamula kuti za mkamwini ndi za pamudzi, mpandowo ukakhale pakhonde pawo. Ngakhale aphunzitsi anabwera kudzaulawa, atapinda mwendo. Nsalu ya kudenga amayi anandisokera diresi. Inkayabwa koopsa, koma sindinkalola kuivula, ndinkadziona ngati ndavala galimoto.

Za mtanda ndinazimva bwino nditakula. Abambo anapempha kamodzi kuti usachotsedwe, mzungu anangoseka. Ndiye anachita zawo. Anadula debe la palafini, nalipinda mokuta mtandawo, nalipaka utoto wakuda mpaka linangooneka ngati denga lenilenilo. Koma sikelo inkayembekeza kulemera kwa mtanda m'thumba, ndipo thumba lopepuka likanawaulula. Alimi ena ankabisa miyala m'thonje kuti lilemere, ndipo abambo ankawaseka anthu otere. Sabata imeneyo iwonso anafuna mwala wawo.

Lachitatu madzulo ndinapita kukatseka mbuzi, chitsulo palibe. Ndinafuna m'tchire, kudzala, kuseri kwa nkhokwe. Amayi anandigwira khutu. "Chitsulo chinamera miyendo? Wakasewera nacho kuti?" Ndinalumbira, sanamve. Anati fisi akadzatenga mbuzi ndidzalowa m'khola ndine. Masiku atatu ndinali mwana wosasamala, wotsamiritsa chitseko ndi mtondo wobooka. Abambo anali pomwepo, akusamba m'manja, osanena kanthu. Zambiri ndinawakhululukira, koma pamenepa mpaka lero ndimati analakwa. Akanangondinong'oneza.

Loweruka linafika lotentha, nyenje zikulira mu m'bawa. Thumba la zitsulo analikoleka pa sikelo, muvi unatsika, mzungu anagwedeza mutu mokondwa. Ndiye thumbalo, lakale lodyedwa ndi makoswe, linang'ambika kunsi, zitsulo n'kukhuthukira pansi. Abambo anasuntha msanga naponda china chake, koma phazi silinachikwane. Ine ndinaona nsonga yosalala ija. Mtima unalumpha ndi chimwemwe, poti mlandu wanga unali utatha. Ndinathamanga n'kuyamba kuchikoka pansi pa phazi lawo, ndikufuula kuti, "Ichi n'chathu! N'cha amayi, cha pakhola la mbuzi! Sindinataye ine!"

Mzunguyo Chinyanja chake chinali cha pamsika, koma chinakwana. Ndiponso munthu amene wakhala zaka akutulutsa miyala m'thonje safuna womasulira. Anayang'ana chidutswa cha njanji, nayang'ana abambo. Analowa m'galimoto n'kumagogoda denga ndi ndodo, mpaka pamalo ena panalira mwa debe. Anakanganula ndi manja, mtanda uwo, uli mbee. Anatenga sowo yodulira zitsulo n'kuwapatsa abambo.

Abambo anaika manja kumbuyo. Sanakweze mawu.

"Bwana, mtanda sachotsa anthu ali m'nyumba. Ikagubuduka, denga lidzakupezani pamutu."

"Galimoto yanga. Khosi langa. Dula."

"Iyayi bwana. Khosi ndi lanu, koma manja ndi anga."

Mzunguyo anafiira mpaka m'makutu. Anati safuna boyi wonama pa sikelo, ndiponso wodziwa kuposa bwana wake. Anagwada yekha m'galimoto n'kuyamba kucheka. Kulira kwa sowo kunatiperekeza mpaka kumsewu. Abambo anamangirira chitsulo chathu pakaliyala, ine n'kukhala pamwamba pake, chikunditentha.

Mpikisano unachitika patapita masabata awiri. Amayi, ndikudziwa, ankayembekezera kumva kuti galimoto yagubuduka, ngakhale sakanavomera pamaso pa ansembe. Sinagubuduke. Inakwera phiri, inatsika, inabwerera ku Balaka ili ndi fumbi lofiira, mzungu ali wamoyo, akuimba mluzu. Palibe chinachitika.

Pamenepo amalume anapeza pokhalira. Atakhala pa mpando wofiira womwewo ankati, "Tili ndi mlamu wanzeru kuposa mzungu. Wataya ntchito chifukwa cholera khosi la mwini wake." Anthu ankaseka. Abambo anayenda kufunsa ntchito kwa amwenye a masitolo, kunjanji, mpaka ku Liwonde, koma mbiri inali itawatsogolera: makaniko wobisa chitsulo m'thumba. Kulima sankadziwa kwenikweni, mizere yawo inkakhota, ndipo munda unali wa amayi. Mchere unatha, sopo anatha. Tsiku lina ndinamva amalume akuuza amayi kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ayambe kuzolowera.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, abambo anakwera sitima yopita kumwera, kuti akalowere ku Halale. Tinawaperekeza pa siteshoni ya Balaka, amayi ndi ine, nditavala diresi yanga yoyabwa. Ndinalira kuti andikhululukire. Anagwada, nandipukuta ndi chala chachikulu chokhala ndi girisi wosachoka m'mizere yake. "Iwe unanena zoona, mama. Chitsulocho n'cha amayi ako. Uzikatseka mbuzi, usadumphe tsiku." Anatumiza makalata atatu ndi bulangete limodzi. Anadzabwera ine nditakwatiwa kale, ali okalamba, akutsokomola, ndipo mpando wofiira uja unali utasanduka pogona nkhuku.

Zaka zonsezo ndinkawasowa, koma ndinkawakwiyiranso. M'mutu mwanga mlandu unali wosavuta. Galimoto sinagubuduke, ndiye kuti mtanda unali wopanda ntchito, ndiye kuti abambo anatisiya chifukwa cha chitsulo chachabechabe ndi mzungu wowatchula boyi. Ndinkaganiza zimenezi madzulo aliwonse, ndikukunkhuniza chidutswa cha njanji kupita nacho pakhola, kuchitsamiritsa pachitseko, n'kuchiponda kawiri kuti chikhazikike. Fisi sanabwere ngakhale tsiku limodzi. Koma sindinaganizepo kuti ndisiye kutseka, ndipo munthu akanandiuza kuti chitsulocho n'chopanda ntchito, ndikanamuyesa wamisala.