Wapampando Savota

Kwawo onse amamutchula Wapampando, ngakhale mayi ake omubereka. Dzinali linayamba chaka chimene anamaliza digiri yake ya maphunziro a zandale. Bambo awo anali atangomwalira, ndipo misonkhano ya pabanja inkathera m'kukokanakokana: achimwene ake akumenya tebulo, achemwali ake akulira, mlongo wake wamng'ono atatuluka kalekale. Iye, mtsikana amene mutu wake unali udakali wotentha ndi mabuku, anawaikira malamulo. Aliyense alankhule nthawi yake, kenako akweze manja, ochuluka apambane. Wotsogolera msonkhano asavote, kuti asaoneke wokondera. Mpandowo anamupatsa iye yemweyo, ndipo kunena zoona mapokoso anatha.

Ntchito ya zimene anaphunzira sinapezeke. Anakhazikika m'sitolo ya matailosi ya alamu ake, kuseri kwa kauntala, kumene fumbi la simenti linkalowa mpaka m'mano. Munthu woti ankatsutsana ndi aphunzitsi ake pa nkhani za malamulo oyendetsera dziko, tsopano n'kumatsutsana ndi amisiri ngati tailosi yaswekera m'njira kapena inali yosweka kale! Komabe sanataye mtima. Pa nthawi ya nkhomaliro ankatsamira makatoni n'kumawerenga. Ankafuna digiri yachiwiri, ndipo njira yake anailambula pang'onopang'ono. Anasakasaka mphunzitsi wake wakale mpaka anamupeza kuti amuchitire umboni. Analemba mayeso a chilankhulo. Mutu wa kafukufuku anausula n'kuusulanso: ankafuna kudziwa mmene amalonda a mumsika amasankhira atsogoleri awo. Yunivesite ina yakutali inamuvomera, ndi thandizo lomwe, koma anamuuziratu kuti malowo sangamusungire chaka china.

Ndiye mayi ake anagwa m'bafa. Adokotala anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka movutikira. Pankafunika munthu wokhala nawo usana ndi usiku.

Msonkhano unachitikira pabalaza, chitseko cha kuchipinda kwa mayi chili chotsekula pang'ono. Wapampando anakhala pamalo pake n'kupereka mwayi kwa aliyense, monga mwa nthawi zonse.

"Ine ndikanakonda, koma ana aja," anatero achemwali. "Nonse mukudziwa mmene kulili kwanga."

"Ine moyo wanga ndi wa pamsewu," anatero achimwene, amene amayendetsa lole. "Komanso mwamuna angasambitse mayi ake?"

Mlongo wamng'ono uja anangoti maso pafoni.

"Achimwene, ine za sukulu ndinanena kale," anatero Wapampando. "Bwanji tizisinthana, kapena tipeze munthu woti aziwasamala?"

"Munthu wachilendo azigwira mayi athu ife tili moyo? Iyayi. Sukulu sithawa, mlongo wanga. Ndiponso wapampando satenga mbali. Unatiphunzitsa ndiwe."

Anaseka onse, kuseka kwa manyazi. Iye anadikira kuti mtima umupweteke kapena ukali umukwere, koma sikunabwere kanthu. M'kati munangoti zii, ngati mwendo umene wachita dzanzi. Anaona kuti nsalu ya patebulo yabooka pakona, ndipo anaganiza zoti adzaisoke.

"Amene akuti ndikhale ine akweze dzanja," anamva pakamwa pake pakutero.

Manja anakwera. La wamng'ono uja linachedwa, koma linafika. Palibe amene anamuyang'ana kumaso. Anafunsanso ngati panali wotsutsa, poti ndondomeko imatero, kenako anatseka msonkhano. Achemwali anamukumbatira nati Mulungu adzamubwezera. Achimwene analonjeza kuti azibwera pafupipafupi, makiyi a lole ali kale m'manja.

Onse atapita, anatsuka makapu, anathira madzi ofunda m'beseni n'kulowa kuchipinda. Mayi anali maso. Anamva zokambirana zija, koma zikuoneka kuti anangotolapo mawu apa ndi apo.

"Mwavota?" anafunsa, mawu akukoka.

"Tavota, Amayi."

"Wapambana ndani?"

Anafinya kansalu n'kuwapukuta malovu pachibwano.

"Ine, Amayi. Onse asankha ine."

Mayi anamwetulira ndi mbali yamoyo ija, n'kumugwira dzanja mwamphamvu ndithu.

"Mwana wanga," anatero monyadira. "Ndinkadziwa kuti udzafika patali."

Iye anawadzutsa mutu pang'ono n'kuwatembenuzira pilo.