Dothi la Pachulu cha Amjomba

Chitsulo chimenecho chinkandifika m'chifuwa. Pamwamba chinali ndi chogwirira chopingasa, kunsi kwake kunali kopotana ngati chingwe cha khoka. Ukachiimika pansi n'kumachizunguza, chinkalowa m'nthaka mwakachetechete, ndipo pochizula chinkatuluka ndi dothi la pansi penipeni, lozizira, lomwe khasu la munthu aliyense wa kwathu linali lisanafikeko. Zitsulo ndaziona zambiri ine. Injini za maboti ndazimasulapo, zina mpaka lero sizinabwerere m'malo mwake, koma palibe chitsulo chinandiumitsa pakamwa ngati chimenecho.

Eni ake anali mayi a ku koleji. Anafika kwathu, kumtunda kwa Nkopola, mvula ikupita kumapeto, thonje litachita maluwa. Anatsika m'galimoto ya boma pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi, atavala chitenje ndi jombo zakuda. Mkazi wovala jombo tinali tisanamuonepo, ndiye ana tonse tinangoti pambuyo pawo ndondondo, ena makabudula ali m'manja.

Mlangizi anafotokozera amjomba, mlongo wawo wa amayi, amene ankalima thonje pa munda wa banja lathu, kuti mayiwa akufufuza kumene mankhwala opopera thonje amapita ukamaliza kupopera, choncho akupempha dothi pang'ono. Amjomba anayang'ana jombo zija nthawi yaitali. Kwathu munthu wotapa dothi m'munda wa mnzake tinkamudziwa kuti ndi wokawa, woba zokolola za ena mwamatsenga. Koma mlangizi ndi amene ankapereka mbewu, ndiye kukana kunali kovuta. Anavomera, n'kuika lamulo lawo.

"Tapani, mama. Koma mukathana nalo, dothi langa mudzabweze."

Mayi aja sanaseke. Anati adzabweza.

Tsono ndikuuzeni chimene ine panthawiyo sindinkachidziwa, poti ana sitinkauzidwa zotere. Amayi anali ndi pakati. M'mbuyomo anali atapitapo padera, osatinso kamodzi, ndipo nyumba yonse inkayenda mopepuka ngati yasenza mazira. Abambo anali ku usodzi ku Nkhudzi, ankangobwera mwa apo ndi apo. Ine chimene ndinkaona n'chakuti amayi ayamba kudya dothi. M'mawa uliwonse ankandipatsa kambale ndi mpeni wakale kuti ndikawagobere pa chulu cha m'mphepete mwa munda wa thonje. Ndikabwera nalo ankalikazinga pa phale mpaka linunkhire ngati mvula yoyamba, n'kumaliswa ndi mano, maso atatsinzina. Ndinalawapo kamodzi. Linandimata kukhosi, ndipo ndinatsimikiza kuti akuluakulu nawonso mitu siyenda bwino nthawi zina.

Tsiku limenelo anzanga atatopa n'kubalalika, ine ndinakumbukira ntchito yanga. Ndili mkati mogoba, ndinamva jombo zaima kumbuyo kwanga. Mayi aja anandifunsa kuti dothilo n'lachiyani. Ndinati n'la amayi, amadya. Anafunsa ngati amadya tsiku lililonse, ndinati eya. Kenako anazungulira chulu chija pang'onopang'ono. Anaona zitini za dzimbiri zitakwiririka theka kuseri kwake, anaonanso kamgula kamene madzi otsukira pampu ankayendamo. Pamenepo ndi pamene amjomba ankatsukira pampu yawo akamaliza kupopera, poti pachulu sipalimidwa. Ine, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, ndinawonjeza kuti chuluchi n'chabwino, chilibe chiswe choluma, chifukwa zaka za m'mbuyo amjomba anathira mankhwala m'mauna ake chiswe chitawadyera nkhokwe. Ngumbi zinali zisanatulukemonso chiyambire.

Mayi aja anakhala pansi pomwepo, pa dothi. Munthu wophunzira, wobwera pa galimoto. Ine ndinayamba kuganiza kuti ndawatukwana mosadziwa. Atadzuka anaboola chulu chija ndi chitsulo chawo, pamwamba, m'mbali, ndi pamene ndinkagoba ine, n'kumanga dothilo m'timatumba tapadera. Kenako anati ndiwaperekeze kwa amayi.

Apa mpamene zinavuta. Mlendo sangafike pakhomo n'kuyamba kukamba za mimba ya mwini nyumba. Wotero timamuyang'ana kawiri, makamaka ngati m'mawa womwewo watapa dothi m'munda mwanu. Ndiye mayi aja anazungulira nkhani ngati bwato losowa doko. Anati dothi la pachulu paja si labwino kwa munthu aliyense, ndipo kwa anthu ena si labwino kwambiri. Amayi anawayankha mwaulemu kuti mankhwala aja anathiridwa kalekale, mvula yagwapo zaka zingapo, ndipo madzi amayeretsa chilichonse. Anawonjeza zimene tonse tinaphunzira kwa mwalimu kumzikiti, kuti nthaka njoyera, moti munthu akasowa madzi osamba pokonzekera pemphero la swala amapaka dothi, Mulungu n'kulandira. Nanga chinthu choyeretsa munthu chingade bwanji? Komanso chulu chimenecho anadyapo amayi awo, n'kubereka ana amoyo.

Mayi aja anati mankhwala amenewa ndi ena. Mvula siwasungunula, amagwira dothi n'kukhala momwemo, mwina mpaka mwanayu adzamere ndevu. Mwanayo ndinali ine. Ndinagwira chibwano changa.

Amayi anati amva, zikomo kwambiri, ndipo anawapatsa mlendo nthochi. M'mawa mwake anandipatsa kambale ndi mpeni.

Musawaweruze amayi anga, inu amene mumagula dothi lanu m'timapepala pamsika n'kumadya mobisa m'minibasi. Ndimakuonani. Chilakolako chimenecho akazi amati chimagwira ngati ludzu, ndipo zulu zina zapafupi zinali za mchenga, zosadyeka. Komanso taganizani: chinthu chosaoneka, chosanunkha, chosawawa pa lilime, n'kubwera munthu wa jombo kudzakuuza kuti chilimo. Ine ndemwe ndinkaswa zibuma za dothilo n'kumasuzumira mkati, kufuna kuchipeza chikubisala. Ndinkangoona timiyala ndi timizu.

Sipanapite nthawi yaitali, mayi aja anabweranso. Ulendo uno kunalibe galimoto kapena mlangizi. Anatsika basi pamsewu n'kuyenda wapansi dzuwa lili pamutu, atasenza thumba lolemera, akupuma pansi pa mtengo uliwonse. Atafika pakhomo milomo inali itayera. Anamwa madzi, n'kuitanitsa amjomba.

Anawauza kuti dothi lawo lija linathera m'makina oyezera, ndiye abwera ndi lina m'malo mwake monga analonjezera. Amjomba anamasula thumba. Munali zibuma zofiira, zosalala, zosiyana ndi dothi lathu lotuwa. Mayi aja anati ndi la kwawo kumapiri, pa chulu cha m'nkhalango kumene pampu sinafikeko, ndipo analiyeza okha asanalinyamule. Anatinso dothi lonse la m'minda ina analisiya kaye, anayamba ndi la pachulu chathu, ndipo chimene ankachiopa anachipezamo, chambiri. Amjomba anatapa chibuma chimodzi choti akaponye m'munda kuti mlandu uthe, zotsalazo anati akazi aone chochita nazo. Anachoka akung'ung'udza kuti boma lomwelo linawauza kuti azipopera, lero likuti nthaka yadwala. Koma ndinaona kuti sanapite kumunda. Anakakhala kuseri kwa mzikiti okhaokha mpaka nthawi ya swala.

Ine amayi anandithamangitsa, ndipo monga mwana womvera ndinakabisala pansi pa nkhokwe pomwe ndinkaona zonse. Mayi aja anatenga chibuma, anachiswa, n'kuyamba kudya iwowo, monga amachitira munthu wopatsa mnzake chakudya kuti asakayike. Koma sikunali kulawa kwa mwambo chabe. Anatsinzina. Anatafuna ndendende ngati amayi. Anatenganso china. Ine tsitsi linandiima. Munthu amene ankatha kuona za m'kati mwa dothi, wa makina, wa Chingerezi, nayenso n'kumakukuta chulu!

Amayi ankangowayang'ana, manja ali pamiyendo. Ndiye mayi aja anamasula chitenje chawo pang'ono, anagwira dzanja la amayi n'kuliika pamimba pawo.

"Achemwali, ine la pachulu chanu chija sindingalilawe. Inunso ndakupemphani."

Amayi sanachotse dzanja msanga. Kenako anaseka, kuseka kokhala ndi misozi, n'kutenga dzanja la mlendo kuliika pamimba pawonso. Anakhala choncho akazi awiri pamkeka, osadziwana ndi mitundu yomwe, akudya dothi lofiira. Ine pansi pa nkhokwe ndinawamvera chisoni mayi aja. Ndinati basi, dothi lawapweteka m'mimba, akuonetsa amayi pamene pakuwawa.

Pachulu paja sindinatumidwenso. Thonje litathyoledwa amjomba anadula minga n'kuchitchingira chonse, ati kuopa mbuzi. Thumba lija amayi analisunga pansi pa bedi ngati shuga, ndipo linawafikitsa mpaka tsiku lawo lochira.

Chaka chathachi mdzukulu wanga, amene amati akuphunzira zaulimi ngakhale khasu amaligwira ngati likutentha, anandionetsa pa foni zimene mayi aja analemba pa moyo wawo wonse. Ndinamupatsa dzina, iye n'kungodinadina. Panatuluka mitu ya nkhani yotalika ngati njanji, ina pansi pa inzake, chala mpaka kutopa. Ine sukulu ndinaithawa Chingerezi chitangoyamba kuluma, ndiye mawu amene ndinawazindikira ndi amodzi, Mangochi. Mnyamatayo anandimasulira kuti zonsezo n'za mankhwala otsalira m'nthaka, mmene amatsikira kumadambo ndi kunyanja, mmene amalowera m'zamoyo, ndipo anati ophunzira a kutali amaziwerenga. Ndinamufunsa ngati penapake alembapo za mwana wa kambale ndi mpeni. Anati palibe. Za thumba lofiira lija nazonso mulibe. Ndinamuuza kuti ndiye sanalembe zonse. Koma usiku wake tulo sitinabwere msanga. Ndevu zija ndinamera, zinachita imvi, zina zayamba kuthothoka, ndipo pa chulu chija ngumbi sindinazionebe. Ndikadutsapo ndimachepetsa mawu ngati ndikudutsa pamanda.

Mlongo wanga anabadwa nyengo yotentha, mwezi umene mango amayamba kupsa. Ndi yemwe uja amagulitsa usipa wouma kwa Mponda, wa pakamwa ngati wailesi, amene mukamutsitsa mtengo amakutukwanani mpaka agogo anu. Ngati chulu chinali ndi mlandu pa ana amene amayi anataya poyamba, ine sindidziwa, ndipo mayi aja sananene zimenezo. Chimene ndidziwa n'chakuti uyu anabwera wamoyo, akukuwa.

Atandilola kulowa kuti ndimuone, ndinapeza kanthu kofiira, kosalala, kofanana ndi zibuma za m'thumba zija. Nkhani yonse inandiwalira. Ndinathamangira kwa mwalimu n'kumufunsa ngati n'zoona kuti munthu woyamba anaumbidwa ndi dothi. Anati n'zoona. Ndinati ndiye wa kwathu waumbidwa ndi la kumapiri. Anandikwapula, koma ndinamuona akubisa kumwetulira m'ndevu.

Chinatsala n'chimodzi chondivuta. Tsiku lina mlangizi anadutsa pakhomo n'kusiya uthenga, ndipo amayi anasekerera tsiku lonse. Ndinawafunsa ngati uthengawo unali wa mayi a jombo, ndiponso ngati m'mimba mwawo muja munapola. Amayi anasuntha mwana kumuika kubere lina.

"Anachira, mwanangu. Nawonso pano sakugona."

Ndinatuluka panja ndikukanda mutu. Munthu wochira n'kumalepheranso kugona, ndinati koma anthu ophunzira matenda awo ndi ena.