Bafuta wa Azakhali aLuwiza

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Nsanje kuseri kwa msika. Bambo ankalemba zikwangwani za magolosale, ndipo munthu akafuna chithunzi cha nkhope yake ankamujambula ndi penti wa mafuta. Nsalu yeniyeni yojambulapo sinkapezeka kwathu kuno. Ankajambula pa matumba a ufa, pa matabwa, ngakhale pa chitseko chakale. Koma chilichonse ankayamba achikonza. Thumba ankalikunga pa felemu, kulipaka guluu wosungunula, kenako penti woyera kawiri, n'kulisiya masiku angapo kuti liume.

"Nsalu yosakonza imamwa," ankatero. "Ukaipatsa mafuta, amapita kumene sunawatume."

Ine ndinali mwana waphuma, ndipo ndinkaona ngati bambo akungofuna pondimanira burashi.

M'nyumba mwathu munkakhalanso azakhali aLuwiza, alongo awo a bambo. Anakwatiwa ku Mozambiki, n'kubwerera wapansi pothawa nkhondo, ndipo m'njira anaona anthu akukwiriridwa opanda ndi kansalu komwe. Atangopezako bwino anagula bafuta woyera woti adzaikidwe naye, n'kumusunga pansi pa thiranki yawo. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti m'thirankimo muli nsalu yosalala kuposa thumba lililonse la bambo.

Tsiku lina bambo anapita ku Bangula, amayi ali kudimba. Dzuwa linali loswa mtengo, ndipo azakhali anagona chagada pamkeka pakhonde. Palibe munthu wina amene akanakhala bata chotero kuti ndimujambule. Ndinatulutsa bafuta uja, n'kumuika patebulo ali chipindire. Penti ndinamusungunula ndi palafini wambiri kuti aziyenda msanga. Ndinajambula chipumi, mphuno, milomo, ndi maso otseka monga mmene analili. Nsalu inkameza penti ndikuona, ine n'kumangowonjezera.

Nditamva amayi akutula dengu panja, ndinachita changu. Ndinapinda nsaluyo penti ali wamuwisi, n'kuikankhira pansi pa mabulangete m'thiranki muja.

Patapita miyezi iwiri azakhali anayamba kudwala. Ndinkati ndikalowa m'chipinda mwawo, ndinkamva kafungo ka palafini kochokera ku thiranki, ndipo nkhope yawo pamkekapo inkafanana kwambiri ndi imene ndinabisa. Ndinkaopa kuti ndine ndawaitanira imfa. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Esinati, mphuno yangayi ndi yaikulu kwenikweni?"

Ndinati ayi, poganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonezeka. Anaseka pang'ono n'kutembenukira kukhoma.

Anamwalira mvula ili pafupi kugwa. M'mawa mwake azimayi osambitsa maliro anatsegula thiranki, motsogozedwa ndi aDominga, msuweni wa bambo wochokera kwa Malemia. Ine ndinali pakhomo ndi ndowa ya madzi. Awiri anagwira nsonga za bafuta n'kuyamba kumutambasula, ndipo nyimbo imene ankaimba inaduka pakati.

Pansalupo panali nkhope ziwiri za azakhali, imodzi yodinda inzake, zonse zotseka maso. Atatambasulanso panatuluka yachitatu yotumbululuka, kenako yachinayi. Chakumapeto kunali mithunzi yachikasu yokha ya mafuta, yopanda mphuno ndi pakamwa, koma mutu unkaoneka ndithu. Mtembo unali pansi pomwepo. M'chipindamo munkangomveka ntchentche.

"Pyenepi ndi ninji?" aDominga anafunsa m'Chisena kuti zimenezi n'chiyani, mawu ali pansi. Kenako anacheukira amayi anga. "Mlamu, amene munkalowa m'chipinda muno ndinu. Munthu anajambulidwa atafa kale, asanafe. Tiuzeni."

Aliyense ankadziwa kuti amayi ndi azakhali ankakangana kawirikawiri, nkhani yake ya mchere ndi nkhuni. Azimayi anayamba kusunthira kutali ndi amayi. Mmodzi anatuluka, ndipo ndinamva nkhani ikuyenda panja kuchoka pamkeka wina kupita pa wina. Ndinaima chilili ndi ndowa yanga. Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati, koma zinali zokwanira kuti mawu oti mfiti afike mpaka kumsewu.

Bambo ataitanidwa anagwira nsaluyo n'kuinunkhiza. Sanayang'ane wina aliyense koma ine.

"Ndinajambula ndine," ndinatero ndikulira. "Anali atangogona pakhonde."

"Nkhabe," aDominga anakana. "Mwana akubisa mayi wake."

Bambo anawaonetsa mmene mafuta anadutsira kuchoka pa mpindo wina kufika pa wina. Ena anamva, ena ayi. Koma pamene ankafotokoza, ine ndinaona tizidutswa ta sopo wonunkhira titagwera pansi kuchokera m'mipindo. Tsiku lija ndinaikankha nsaluyo mothamanga, yopanda sopo. Tsopano inatuluka yopindidwa bwino, nkhope zili mkati. Funso la mphuno lija linandibwerera.

"Anaiona," ndinauza bambo. "Azakhali anaiona, ndipo anandifunsa za mphuno."

Bambo anayang'anitsitsa chithunzicho. Mphuno inalidi yaikulu ngati mbatata. Anapukuta m'maso n'kunena kuti mwini wake akanafuna nsalu ina akananena, choncho anaikidwa ndi bafuta yemweyo.

Sanandimenye. Maliro atatha anandipatsa thumba la ufa, guluu ndi felemu, ndipo chaka chonse ntchito yanga inali yokonza nsalu basi.

Lero ndimajambula ndi penti wa mafuta pa nsalu zogula m'sitolo, komabe ndimaipaka iliyonse kawiri, ndipo nsalu ya munthu sindiigwira ndisanafunse kuti anaisungira chiyani. Za bafuta, azakhali anandikhululukira ali moyo. Chimene chimandipwetekabe ndi mphindi zija ndinaima pakhomo pakamwa pali chitsekere. Ndinalankhula zoona, koma nkhani inali itapita kale kumene mawu anga sakanafika. Mpaka amayi anamwalira, abale a kwa Malemia akabwera kudzacheza ankati adya kale, ndipo amayi ankabweza mbale zawo kukhitchini zili chivundikire.