Simenti Pabwalo la a Fosholo

Anthu a mumsewu wonsewo ankawatchula a Fosholo, chifukwa moyo wawo wonse anali wokumba zitsime. Msana utayamba kukana anasiya ntchito, n'kutsala ndi chitsime chimodzi chokha, cha kuseri kwa nyumba yawo. Akazi awo anali atamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamwamuna, ankagwira ntchito kutali. M'nyumbamo mawu ankamveka ndi a wailesi basi.

Chimene chinkawabweretsera anthu ndi chitsimecho. M'mawa uliwonse amayi ankabwera ndi zidebe, iwo n'kukhala pachitsa kumamvetsera nkhani za ana odwala ndi amuna osamva.

"Agogo, madzi anuwa mumathiramo shuga kodi?" ankatero Amake Mapasa, a nyumba yoyandikana nayo. "A kumpopi aja fungo la mankhwala lokhalokha."

"Shuga ndingamuone kuti ine? Imeneyo ndi mvula ya chaka chatha, dothi laisefa."

Ankakonda kufotokoza zimenezi kwa aliyense wosafulumira. Mvula ikagwa, ina imathamangira kumtsinje, ina dzuwa limaikwezanso kumitambo, koma ina imalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo imeneyo ndi imene wokumba chitsime amakakumana nayo. N'chifukwa chake pabwalo pawo panali timigula totenga madzi a padenga kupita nawo ku dzenje lodzaza miyala. Madzi akafika pamenepo ankaima, n'kumira. Anzawo onse mumsewumo anali atawaka kale mabwalo awo ndi simenti, ndipo dothi loonekera linatsala la a Fosholo lokha.

Tsiku lina mvula itangokata anaterereka m'matope n'kuthyoka mkono. Mwana wawo anabwera msangamsanga, ndipo iwo ali m'chipatala anaitana amisiri. Potuluka anapeza bwalo lonse lili mbee, losalala ngati mbale, timigula tija atatikwirira, ngalande yatsopano ikuloza kumsewu.

"Taonani, bambo! Tsopano simudzagwanso. Ngakhale mutatsinzina mutha kuyenda."

Nkhope yake inali yowala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso. A Fosholo anayang'ana simentiyo, anayang'ana mwanayo.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero.

Dzinja lotsatira ankaima pakhonde kuonerera madzi akutsika padenga, kutsetsereka pasimenti, kutuluka pageti ngati mlendo wokana mpando. Chilimwe chisanafike pakati, chidebe chinayamba kutuluka m'chitsime ndi matope.

"Tidzabweranso madzi akabwera, agogo," anatero amayi aja, n'kuyamba kupita kumpopi. M'mawa unatalika. A Fosholo ankakhalabe pachitsa paja, kumvetsera zidebe zikugundana kuseri kwa mpanda.

Ankadziwa choti achite, ankadziwanso amene chidzamupweteke. Anazengereza mpaka mitambo itayamba kusonkhana. Kenako anatulutsa piki yawo yakale n'kuyamba kuswa simenti ija, pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, mmene msana unkalolera.

Mwana uja anafika osanena, chikwama paphewa, n'kupeza zidutswa za simenti zitaunjikidwa bwinobwino pambali pa mpanda.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Nthaka imafuna kumwa, mwanawe. Chitsime chauma."

"Mpopi ulipo! Nanga mukagwanso adzakutolani ndani? Nthakayo?"

"Anthu amabwera kuno chifukwa cha madzi."

"Nanga ine ndimabwera chifukwa cha chiyani?"

A Fosholo akanatha kunena kuti mwanayo amabwera kamodzi pachaka, koma anaona kuti mawuwo aposa piki kupweteka. Mwanayo anamwa tiyi ali chiimire, anawafunsa ngati mkono ukuvutabe, ndipo masana omwewo ananyamula chikwama chake chosamasula n'kubwerera.

Mvula inabwera. Madzi a padenga anatsata timigula tatsopano, anaima pamiyala, anamira. Patapita miyezi chitsime chinakwera, koma pang'ono chabe, pakuti bwalo limodzi silingamwere msewu wonse. Komabe madziwo anali oyera. A Fosholo anapita pageti n'kuimitsa Amake Mapasa, amene ankadutsa atasenza chidebe cha kumpopi.

"Madzi abwera, mayi."

"Zoona, agogo? Tibwera mawa."

Mawa lake sanabwere. Kumpopi kunalibe chingwe chokoka, ndipo nkhani zonse zinali zitasamukira kumeneko.

A Fosholo anakhala pakhonde, piki ili pambali, n'kutulutsa foni m'thumba. Kuyambira tsiku lija mwana wawo anali asanaimbe. Anafufuza nambala yake, anaimba, n'kudikira mpaka foniyo inasiya yokha kuitana. Anaiyang'ana kwa kanthawi, anapukuta galasi lake ndi malaya, n'kuimbanso.