Timabotolo ta Gervazio

Gervazio anapalasa njinga ya kabaza mumzinda wa Kelimane ku Mozambique zaka khumi ndi zitatu, mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Ndiye atamva kuti a kafukufuku wa katemera wodonthezera m'kamwa akufuna munthu wodziwa tinjira ta ku Icidua, dera lina la mumzindamo, anathamangira osamwa ndi tiyi yemwe. Anam'patsa njinga, bokosi lozizira ndi timabotolo. Ntchito yake: kutolera chimbudzi cha makanda amene alandira katemerayo.

Anzake a pa siteji ankamukuwiza. "Achimwene, lero mwakolola zingati?" Zitsiru! Mvula ikagwa iwo ankagona ndi njala, ana a Gervazio akudya.

Ntchitoyo ankainyadira. Zimene Dotora Natércia, mkulu wa kafukufukuyo, anam'phunzitsa, iye ankazilalikira khomo ndi khomo. "Mayi, dontho lija likafika m'matumbo, asilikali a thupi amatumizirana mauthenga: mdani uyu, lowezani nkhope yake! Koma ana akuno, ndi madzi athu am'zithaphwiwa, m'mimba mumakhala muli phokoso kale, uthenga sumveka bwino. Zotsalira za mauthengawo zimatuluka ndi chimbudzi. Ine ndangokhala wapositi."

Vuto ndi lakuti khanda silidziwa wotchi. Bokosi linkayenera kufika ku labu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo Gervazio ankakhala pansi pa mtengo wa kokonati, thukuta kamukamu, kudikira bwana wa miyezi iwiri kuti akondwere.

Tsono ku Icidua mlendo sabwerera chimanjamanja, ndi manyazi. Dona Ermelinda, wogulitsa mandazi, anamumvera chisoni. Mwana wake Zito, wa chaka ndi theka, sanali m'kafukufukumo, koma pa nkhani imeneyi sankalephera. Timabotolo ta amayi a m'kafukufuku tinayamba kudumpha mpanda kuseri kwa nyumba, n'kubwerako titadzaza za Zito. Gervazio sankadziwa kanthu. Ankangoona kuti masiku ano amayi akuchangamuka, mpaka ku ofesi anamuombera m'manja.

Lachinayi lina Dotora anamuitanitsa.

"Bambo Gervazio, khalani. Khanda la miyezi iwiri limadya chiyani?"

"Bere, Dotora."

"Nanga mpunga wa kokonati ndi nyemba zalowa bwanji m'timabotolo tisanu ndi kamodzi? Ana onsewa ali ndi matumbo amodzi?" Anagogoda patebulo. "Mawa mundibweretsere mayina a amayiwo, ana awo tiwachotse m'kafukufuku. Apo ayi, muchoke ndinu."

Kuchotsedwa kunkatanthauza kusiya kuonedwa ndi dokotala sabata ndi sabata, kubwereranso pamzere wa mbandakucha wa kuchipatala. Gervazio anakumbukira Zito, napalasa ngati wamisala mpaka kwa Dona Ermelinda.

"Dona, mwandipha!"

"Iii, achimwene, m'malo mothokoza? Munkauma padzuwa ngati nsomba."

"Ndinakuuzani kuti ndi mauthenga!"

"Eya, mauthenga. Nanga a Zito wanga ndi abodza? Munanena kuti aliyense alembe kalata yakeyake? Tengani ndazi, mwaonda."

Gervazio analandira ndazilo. Zoona, zimenezo sanazinene. Nayenso palibe anamuuza. Anthu a mabukuwo ankadziwa dzina la kauthenga kalikonse ka m'matumbo, koma palibe anadetsapo nsapato ku Icidua kukaona mmene botolo limadzazidwira.

M'mawa mwake anaima pamaso pa Dotora, manja kumbuyo.

"Mayina aja?"

"Ndine, Dotora. Ndinkatopa kudikira, ndinkagawa botolo limodzi."

Dotora anamuyang'ana. Bodzalo analiona, sanali wopusa. Koma lipoti linkafuna dzina, ndipo dzina limodzi limalembeka msanga kuposa asanu ndi limodzi.

"Musiye njinga kwa mlonda."

Makanda onse anatsala m'kafukufuku. Lolemba lake pageti panakhomedwa pepala: akufuna wotolera wina, koma akhale wa dipuloma.