Mzere wa Makolo wa a Devung

A Devung anafika m'nyumba yathu yaitali, momwe mudzi wonse umakhalamo banja lililonse ndi chipinda chake, ine ndili kamtsikana, atakwatiwa ndi a Jimbun a khomo loyandikana ndi lathu. Mtundu wawo anali Mkayani, wa kumtunda kwa mtsinje wa Baram, makutu olendewera mpaka m'mapewa chifukwa cha ndolo zamkuwa. Ife Aibani tinkati tsiku lina posinja mpunga adzasinja khutu.

Chiibani chawo chinatsimphina mpaka ukalamba. Koma anali ndi kamatenda kotola mawu. Akamva liwu lofanana ndi la kwawo, ankaimika munsi n'kulibwereza. Diso ndi mata kuno ndi kwawo komwe, mwala batu, moto ife api iwo apui. Ankati zotere sizingochitika, makolo athu anayamwa bere limodzi. Tinkavomera kuti atigawire fodya.

A Jimbun anamwalira chaka chatha osasiya mwana. Zovuta zitatha, mng'ono wawo Ensali anafuna kutenga chipinda cha malemuwo, mitsuko yakale ndi munda wa tsabola. Kwathu nkhani yotere imakambidwa pamphasa pakhonde, aliyense n'kulakatula mzere wa makolo ake kuti zioneke amene ali ndi mizu pakhomopo. Ensali analakatula mibadwo khumi ndi iwiri osameza malovu, ngakhale makolo awiri apakatiwo ndikuwakayikira.

Itafika nthawi ya a Devung, anakonza nsalu yawo n'kuyamba: mata, batu, apui. Mawu onse amene anatola zaka makumi anayi anawaika pamzere, ndi kaimbidwe komweko ka mayina a makolo. Palibe anaseka. Atafika pa liwu la anak, lomwe ndi mwana kwawo ndi kwathu, mkazi wa Ensali anayankhula maso ali pa dengu limene ankaluka.

"Ameneyotu ndiye tikufunsa, alamu. Ali kuti?"

"Palibe," anatero a Devung.

Anawonjezera mawu atatu kapena anayi, n'kusiya. Nkhalamba yosunga mibadwo inati mawuwo ndi apachibale ndithu, iyo sikutsutsa, koma chipinda sichitsata mawu.

A Devung ananyamuka Lachiwiri pa bwato la injini ndi chikwama chimodzi. Sanalire, ifenso sitinalire, kunkatentha kwambiri. Tikumva kuti kwawoko amene ankawadziwa anatha kale, ndipo ana amawaseka kuti Chikayani chawo chikununkha Chiibani. Ensali wapaka chitseko cha chipinda chija penti yobiriwira.